Pabolodi la mawu, tambala amaposa kwacha

Dzina loti Mkhumba lili ndi zilembo 7, zofanana ndendende ndi chiwerengero cha timatabwa timene munthu wosewera Scrabble amakhala nato patsogolo pake. Mutati muliyale pabolodi, ma M awiriwo angakupatseni mapointi 6, K yekha 5, H 4, B 3, pamene U ndi A angapereke imodziimodzi. Zonse pamodzi 20, kenaka n'kuwonjezapo 50 imene amapatsa aliyense amene wataya timatabwa take tonse ulendo umodzi. Tsoka lake, malamulo a masewerawa salola maina a anthu ngakhale a malo. Kaya ndi dzina la ufumu umene m'chaka cha 2008 unakwezedwa kukhala waukulu pa Alhomwe onse a m'dziko muno, pabolodipo alibweza basi.

Koma ikani KWACHA, palibe angakutsutseni. Liwuli lilimo m'buku la Collins Scrabble Words limene amaweruzira mipikisano m'maiko ambiri kunja kwa America, ndipo limabweretsa mapointi 18. TAMBALA nayenso alimo. Zilembo zake n'zotsika mtengo, zimangokwana 11, koma poti zilipo 7, wozitaya zonse pakamodzi amakolola 61. Pamsika wa Migowi lero palibe angakupatseni ngakhale kachidutswa ka nzimbe ndi tambala, koma pabolodi la Scrabble tambala amaposa kwacha katatu n'kutsalako.

Ena aziti izi n'zachibwana, masewera a ana a ku Namiwawa ndi ku Area 10 amene kwawo kuli magetsi ndi mashelefu a mabuku. Kwa Mkhumba ku Phalombe anthu ali kalikiliki ndi nandolo, mpendadzuwa ndi chimanga, ndiye nthawi yosanja zilembo aitenga kuti? Ine ndikuona mosiyana. Mwana wa ku Namiwawa Chingerezi amachipeza paliponse, pa TV, patebulo, m'galimoto popita kusukulu. Amene akusowa njira yotolera mawu ndi mwana wa kuno, ndipo ndi iyeyo amene amalipira kwambiri akapanda kuwatola.

Chipata ndi chimodzi

Lamulo la bungwe loyendetsa mayeso la MANEB n'losapsatira: amene walakwa Chingerezi pamayeso a MSCE satifiketi salandira, ngakhale masamu, zaulimi ndi Chichewa atakhoza mochititsa kaso. Chaka ndi chaka m'sekondale zoyendera muli ana otere, amene maphunziro ena onse ayenda bwino koma agwa pa phunziro limodzi lokhali. Chipatacho sichithera pamayeso. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limati wofuna kukhala phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga mbali pa zokambirana za m'nyumba ya malamulo. Kalata yofunsira ntchito, fomu ya kubanki, malangizo a papaketi ya mankhwala ophera mbozi, zambiri mwa izi zimabwera m'chiyankhulo chomwecho.

Tsono taonani kumene mwanayo akuchokera. Phalombe, boma limene linapatuka ku Mulanje mu 1998, linali ndi anthu oposa 400,000 pakalembera wa 2018, ndipo pafupifupi onsewo ndi a kumudzi. Pakhomo amalankhula Chichewa. Agogo ena amalankhulabe Chilomwe, makamaka Chimihavani, ndipo poti malire a Mozambique ali pafupi, Chipwitikizi nachonso sichachilendo m'makutu. Mwana wotere si mbuli pa ziyankhulo. Mwina amamva zitatu. Chingerezi chokha ndicho amakumana nacho m'kalasi mokha, belu likalira n'kuchisiya pomwepo.

Kuyambira 1968, pamene msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo ziyankhulo za boma, mwambo wakhala woti Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'Chichewa, kenaka Sitandade 5 zonse zitembenukire ku Chingerezi. Lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, koma mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo amadziwa yekha kuti popanda Chichewa phunziro siliyenda. Choncho Sitandade 5 ikadali phompho. Mwana amene dzulo amawerenga bwinobwino lero akuyang'ana buku la sayansi ngati wayamba kumene sukulu.

Phompholo lili ndi muyeso wake. Katswiri wa ku New Zealand, Paul Nation wa ku Victoria University of Wellington, anawerengera mu 2006 kuti munthu amafunika mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000 kuti awerenge nyuzipepala kapena buku lankhani la Chingerezi popanda thandizo. Banja la mawu ndiye kuti teach, teacher ndi teaching awerengedwe ngati chinthu chimodzi. Wodziwa ochuluka choncho amazindikira mawu 98 mwa 100 alionse patsamba. Wodziwa mawu 2,000 okha ogwiritsidwa ntchito kwambiri amazindikira pafupifupi 80 mwa 100, zimene zimamveka ngati zambiri mpaka mutaziyesa: liwu limodzi mwa asanu alionse n'lachilendo. Tengani tsamba lino, mudetse ndi makala liwu lachisanu lililonse, muone ngati nkhaniyi muimve.

Njira imene ambiri tinakulira ndi ya kope la mawu ndi matanthauzo ake. Aphunzitsi alemba mndandanda pabolodi, ana akopera, aloweza pamtima, Lachisanu mayeso, Lolemba zonse zauluka. M'sukulu zina munkakhalanso chilango cha wopezeka akulankhula Chichewa, kumuveka kachikwangwani m'khosi mpaka atapeza mnzake womupatsira. Zimenezi zinabala ana osalankhula, osati ana odziwa Chingerezi. Zinabalanso matenda ena amene tikadali nawo, okonda mabomba. Kwathu kuno munthu akaponya liwu lalitali losamveka pamsonkhano timamuombera m'manja, ngakhale iye mwini sakudziwa chimene wanena. Mwana wa Fomu 4 amaloweza mawu asanu otere kuti akawathire m'chimangirizo, pamene sakutha kusiyanitsa borrow ndi lend.

Katswiri wosadziwa zimene akulemba

Apa ndi pamene masewera a mawu amalowa, koma tisafulumire kuwayamikira onse mofanana. Scrabble anaipanga Alfred Butts, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku America amene ntchito inamuthera pa nthawi ya mavuto a zachuma a m'ma 1930. Anakhala pansi n'kuwerenga kuti chilembo chilichonse chimapezeka kangati m'nyuzipepala, kuphatikizapo The New York Times, n'kugawa timatabwa 100 potsata zimene anapeza: ma E 12, ma A 9, ma I 9, ma O 8, koma Q, Z, J, X ndi K kamodzikamodzi. Chilembo chosowa anachipatsa mtengo waukulu, Q ndi Z mapointi 10 chilichonse. Dzina loti Scrabble linabwera mu 1948 ndi James Brunot amene anayamba kupanga masewerawa kuti azigulitsa.

Chimene Butts sanaike m'malamulo ndi tanthauzo. Pampikisano palibe amene amafunsa kuti liwu limene waikalo likutanthauzanji. Funso ndi loti lilimo m'buku kapena mulibe. Umboni wake ndi Nigel Richards, mbadwa ya ku New Zealand imene ambiri amati palibe inzake pamasewerawa. Mu July 2015 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa ku Louvain-la-Neuve m'dziko la Belgium, chonsecho Chifalansa salankhula. Analoweza buku la mawu ovomerezeka m'masabata pafupifupi 9. Mu 2024 anachitanso zomwezo ndi Chisipanishi ku Granada. Kwa iye liwu ndi mndandanda wa zilembo wokhala ndi mtengo, basi.

Osewera mwakhama onse ali ndi kachidutswa ka matenda omwewa. Amaloweza timawu ta zilembo ziwiri toposa 120 tovomerezeka m'buku la Collins, monga QI, ZA, XU, JO ndi AA, poti n'timene timathandiza kulumikiza mawu pamalo othina. QI ndi mphamvu ya moyo m'chikhulupiriro cha ku China, XU ndi kandalama ka ku Vietnam, AA ndi mtundu wa mwala wochokera m'phiri lophulika moto. Palibe limodzi mwa awa limene lingathandize mwana pamayeso a MANEB. Mphunzitsi amene angagule Scrabble n'kungoisiya m'manja mwa ana, akuganiza kuti wathetsa vuto la Chingerezi, adzapeza kuti wangosintha kope loloweza lija ndi lina.

Komabe m'chaka chomwecho cha 2015 munachitika china chimene chili ndi phunziro kwa ife. Mu November, ku Perth m'dziko la Australia, Wellington Jighere wa ku Nigeria anagonjetsa Lewis Mackay wa ku England masewera 4 kwa 0 pandime yomaliza, n'kukhala munthu woyamba wa mu Africa kutenga ukatswiri wa dziko lonse wa Scrabble ya Chingerezi. Pulezidenti Muhammadu Buhari anachita kumuimbira foni. Ku Nigeria boma linavomereza Scrabble ngati masewera enieni kalekale m'ma 1990, ndipo amaseweredwa m'sukulu. Chimene akatswiri a kumeneko anatchuka nacho ndi kukonda mawu aafupi. Liwu lalitali limatsegulira mdani mabokosi ochulukitsa mapointi katatu, limathanso zilembo zabwino zimene zikanathandiza kutsogolo. Lalifupi loikidwa pamalo oyenera limadya bwino n'kutseka njira. Okonda mabomba aja akanamva zimenezi.

Phindu lenileni la Scrabble kwa wophunzira lili pa kamangidwe ka mawu. Tayerekezani kuti mwatola A, E, I, N, R, S ndi T. Wongoyamba kumene aona RAT kapena SIT n'kukhutira. Wozolowera amayamba wapatula tizidutswa todziwika: RE kumayambiriro, S kapena ER kumapeto. Posakhalitsa atulukira RETAINS, kenaka NASTIER, STAINER, RETINAS, onsewo a zilembo 7 ndi bonasi yake. Luso limeneli mwana wolankhula Chichewa ali nalo kale kuposa Mngerezi, poti chiyankhulo chathu chimamangidwa choncho. Kuchokera pa tsinde limodzi timapeza phunzira, phunzitsa, phunzitsana, phunzitsidwa, mphunzitsi, maphunziro. Mwana akangoona kuti UN, RE, ING, ED, NESS ndi LY amagwira ntchito yofananayo, liwu limodzi lophunzira limamubalira asanu. Chofunika n'kuwonjeza lamulo limodzi limene Butts analisiya: woika liwu anene tanthauzo lake m'Chichewa kapena aligwiritse ntchito m'chiganizo, akalephera achotse timatabwa take.

Ndagi za m'mabokosi

Masewera amene amafunsa tanthauzo kuyambira pachiyambi ndi crossword, mabokosi akuda ndi oyera aja amene ambiri timangowadumpha m'masamba akumapeto a nyuzipepala. Yoyamba inatuluka pa 21 December 1913 m'nyuzipepala ya New York World, yokonzedwa ndi Arthur Wynne wobadwira ku Liverpool. The Times ya ku London inayamba yake mu 1930, ndipo Angerezi anaipotoza n'kupanga mtundu wovuta umene funso lake limanena china likutanthauza china.

Aliyense amene anakhalapo pabwalo madzulo, wina n'kufuula kuti "Ndagi!" ena n'kuyankha kuti "Gize!", mtundu umenewu aumva msanga. Ndagi imakuuza zoona zokhazokha koma mokusocheretsa. Akati nyumba yopanda khomo, maganizo amathamangira ku zidina ndi udzu, pamene yankho ndi dzira. Crossword ya Angerezi imachita chimodzimodzi. Nali funso limene mphunzitsi wa kuno angalembe pabolodi: Flower in Malawi, zilembo 5. Ana ayamba kutchula maluwa onse amene amawadziwa, osapeza lokwana. Msampha uli pa liwu loyambalo. Flower ndi duwa, inde, komanso mukalidula kukhala flow ndi er likutanthauza chinthu choyenda ngati madzi, ndiye kuti mtsinje. Yankho ndi SHIRE. Mwana amene wagwa mumsampha umenewu kamodzi sadzaiwalanso flow, ndipo waphunzira kukayikira tanthauzo loyamba limene labwera m'mutu.

Kukayikira kumeneko ndiye mtima wa nkhani yonseyi. Vuto la Chingerezi si kuchuluka kwa mawu kokha. Buku lalikulu la Oxford English Dictionary, limene kusindikiza kwake kwachiwiri mu 1989 kunadzaza mavoliyumu 20, linali ndi mawu oposa 170,000 ogwiritsidwa ntchito panthawiyo, koma palibe munthu amene amafuna onsewo. Chovuta n'chakuti timawu tating'ono timene mwana amaganiza kuti amatidziwa n'timene tili ndi nkhope zambiri. Akonzi a buku lomwelo atabwereza liwu loti run anapeza matanthauzo 645 a mneni yekhayo. Munthu amathamanga, mphuno imachucha, sitolo imayendetsedwa, wandale amaima pachisankho, zonsezo ndi run. Ifenso tili nazo: mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo, kulemba kalata ndi kulemba wantchito. Mwana sasokonezeka nazo poti anazimva kambirimbiri m'malo osiyanasiyana. Kope la mawu ndi matanthauzo limapereka tanthauzo limodzi pa liwu limodzi, n'kumunamiza mwana kuti wamaliza.

Crossword imakakamizanso kufunafuna liwu lina lofanana tanthauzo, ndipo Chingerezi n'cholemera pamenepa chifukwa cha mbiri yake. Anthu olankhula Chifalansa a ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, chiyankhulo cha olamulira chinasanjikizana pa cha olamulidwa, kenaka tchalitchi ndi masukulu anathirapo Chilatini. N'chifukwa chake chinthu chimodzi chimakhala ndi maina atatu: ask wa anthu wamba, question wochokera ku Chifalansa, interrogate wa Chilatini. Mlimi woweta ankati cow, sheep ndi pig, bwana wodya nyamayo ankati beef, mutton ndi pork. Mabomba amene timawakonda aja ambiri ndi a m'gulu la Chilatini, ndipo n'zosadabwitsa m'dziko limene mtsogoleri wake woyamba anamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981 n'kulamula kuti Chilatini ndi Chigiriki zikhale zokakamiza. Koma mabokosi a crossword sasamala za ulemu wa liwu. Akafuna zilembo 3, interrogate alibe malo.

Mtundu wina wa funso ndi wosokoneza zilembo za liwu kuti patuluke lina. Pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pali mpata umene Angerezi anamangapo linga la Fort Lister mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo yopita kunyanja ya mchere. Mwana aliyense wa ku Phalombe dzinali amalidziwa. Muuzeni asanjenso zilembo za LISTER kuti apeze muyeso wa mafuta ophikira, apeza LITRES. Wina apeza LITERS, n'kuyamba mkangano wabwino, poti onse awiri akhoza: woyambayo walemba mwa ku Britain, mmene timalembera m'sukulu zathu, wachiwiriyo mwa ku America, kumene Noah Webster ndi dikishonale yake ya 1828 anakhazikitsa kalembedwe kawokawo.

Khutu limanamiza dzanja

Pali vuto lina limene masewera a zilembo amalivumbula msanga kuposa mayeso. Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera. Tili ndi mavawelo 5, ndipo liwu lililonse limathera pa vawelo. Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu a mavawelo pafupifupi 20 amene amapanikizidwa m'zilembo zochepa zomwezo. Kwa khutu la kwathu hat, hut, heart ndi hurt onse amamveka ngati "hati". Ship ndi sheep ndi amodzi, live ndi leave chimodzimodzi. Nanga L ndi R? M'Chichewa ndi liwu limodzi. Lamulo la kalembedwe limangoti R azibwera pambuyo pa I ndi E, kwina konse L. Palibe mawu awiri a Chichewa amene amasiyana tanthauzo chifukwa cha zilembo ziwirizi. M'Chingerezi play ndi kusewera, pray ndi kupemphera, ndipo amene wasokoneza rice ndi lice waitanira alendo nsabwe.

Polankhula zimenezi zimadutsa, womvera amadzazira yekha. Pabolodi sizidutsa. Mwana amene waika GRASS akufuna galasi, anzake amamugwira pomwepo, amaseka, amatsegula dikishonale, ndipo kuseka kumeneko kumakhomerera kusiyanako kuposa cholembera chofiira cha aphunzitsi chimene chimabwera patatha sabata. Mipikisano yotchula zilembo za mawu, imene ku America inayamba kuchitika m'dziko lonselo mu 1925 ndipo ya mu Africa muno mu 2016, ana a ku Malawi akuchita nawo. Ndi yabwino, koma imakweza ana ochepa aluso n'kusiya kalasi yonse ikuonerera.

Amene amakwanira kalasi yonse ndi Wordle. Anaipanga Josh Wardle wa ku Wales, inatulukira poyera mu October 2021, ndipo pakutha pa January 2022 The New York Times inali itaigula. Ambiri amaidziwa ngati masewera a pafoni, ofuna bandulo ndi batire, koma malamulo ake safuna chilichonse mwa izi. Mphunzitsi asunga mumtima liwu la zilembo 5, tinene MAIZE, n'kujambula pabolodi mizere 6 ya mabokosi asanuasanu. Mwana woyamba anena HOUSE. Mphunzitsi alemba, achonga E poti ali pamalo pake, zina zinayi azidula. Wachiwiri anena TABLE: A wachongedwa, E wachongedwa. Tsopano kalasi yonse ikufukula m'mutu mawu okhala ndi A pachiwiri ndi E kumapeto, opanda H, O, U, S, T, B ndi L. Wina ayesa DANCE, wina ayesa WAKE, anzake amukumbutsa kuti zilembo zaperewera. Pofika mzere wachisanu, mawu amene adutsa m'kalasimo ndi ochuluka kuposa a mndandanda wa Lachisanu uja, ndipo anawatulutsa ndi ana eni ake. Mphindi khumi, choko chimodzi.

Woweruza ndi buku

Masewera onsewa amafuna woweruza, ndipo woweruzayo ndi dikishonale. Apa sukulu zambiri za kumudzi ndi pamene zimagwa, poti mwina ilipo imodzi yokha, yotsekeredwa mu ofesi ya ahedi kuopa kuti ingang'ambike. Dikishonale yosang'ambika ndi yosagwiritsidwa ntchito. Ndipo posankha, ya Collins Scrabble Words ija, yokhala ndi mawu pafupifupi 280,000, si yoyenera kalasi. Yoyenera ndi yolembedwera wophunzira Chingerezi ngati chiyankhulo chachilendo, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary imene anaiyamba A. S. Hornby, mphunzitsi amene anagwira ntchito ku Japan n'kuona kuti ophunzira ake amasowa zitsanzo za kagwiritsidwe ntchito ka mawu, osati matanthauzo ouma. Oxford inayamba kuisindikiza mu 1948. Liwu limene mulibe m'buku lotere, m'kalasi lisaloledwe, kaya ndi QI kaya ndi XU.

Pambali pake pafunika ya ziyankhulo ziwiri, ndipo pamenepa sitili amphawi. Ntchitoyi inayamba kutali ndi kwathu, pafupi ndi Mombasa, kumene mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann, anakhala pansi ndi Salimini, munthu wogwidwa ukapolo kuchokera m'chigawo chapakati cha dziko lino, n'kulemba mawu amene anasindikizidwa mu 1877. David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anatulutsa dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892, Alexander Hetherwick n'kuikonzanso mu 1929. Centre for Language Studies ya ku Zomba inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ndipo ya Steven Paas ya Chichewa ndi Chingerezi inasindikizidwa ndi Oxford mu 2016. Mwana akapeza liwu m'ya Hornby n'kulitsimikiza m'ya Paas, liwulo lalowa ndi makomo awiri.

Mikangano idzakhalapo ndithu, ndipo ina ndi yokoma. BOMA, BWANA, NYALA ndi MBIRA ndi ovomerezeka m'Scrabble ya Chingerezi, SADZA ndi UGALI nawonso. Mwana wochenjera adzaika GANYU n'kunena kuti analiona m'nyuzipepala ya Chingerezi, ndipo sakunama, atolankhani ndi a mabungwe amalilemba choncho poti Chingerezi chilibe lina lokwana bwino. Ine ndikanamulola, bola afotokoze m'Chingerezi kuti ganyu n'chiyani. Akatha kutero, wachita ntchito yaikulu kuposa amene waika ZA.

Za mtengo wa bokosi la Scrabble la m'sitolo za ku Blantyre tisataye nazo nthawi. Sukulu za ku Phalombe zili ndi zofunika zina zoyamba. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anagumula makalasi, ena n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Koma bolodi ndi mizere 15 chopingasa ndi 15 chotsika, mabokosi 225, yojambulika pakatoni ya sopo ndi rula. Timatabwa 100 tingadulidwe ku katoni ina, kapena kulemba zilembo m'zitsekerero za mabotolo. Thumba la shuga lotha likhala motolera. Ophunzira a pakoleji ya aphunzitsi ya Phalombe amaphunzitsidwa kale kupanga zipangizo zophunzitsira kuchokera ku zinthu zopezeka pamalo, ndipo ichi n'chimodzi mwa zosavuta.

Kalasi imene yafika pamenepa idzafunsa yokha funso lotsatira: bwanji osasewera m'Chichewa? Ndi timatabwa ta Butts sizitheka bwino. K alipo mmodzi, pamene kukakamiza yekha akufuna atatu. Ma W ndi ma M alipo awiriawiri, Z mmodzi wa mapointi 10 ngati chinthu chosowa, chonsecho ife timamutchula m'chiganizo chilichonse. Q ndi X angokhala m'thumba. Pafunika kuchita zimene Butts anachita: kutenga tsamba la Boma Lathu kapena Fuko, kugawana ndime, kuwerenga chilembo chilichonse, n'kugawa timatabwa ndi mitengo yake mwatsopano. Imeneyo ndi ntchito ya masamu ya Fomu 2 ya masana amodzi. Pafunikanso kugamula ngati CH, PH, TH, KH ndi NG' akhale pakathabwa kamodzi, monga anachitira a ku Wales amene Scrabble ya chiyankhulo chawo ili ndi timatabwa ta CH, DD, LL ndi NG. Chovuta kwambiri chidzakhala kugwirizana kuti liwu limathera pati. Sindidzakupatsaninso ndi liwu limodzi polemba, la zilembo 20, ndipo mzere wa bolodi uli ndi mabokosi 15.